Mvula idabwerera ku Karonga, koma nkhalango ayi

Tsopano ndamvetsa chifukwa chake kafukufuku wa ku Karonga amatchulidwa paliponse pokamba za Middle Stone Age, nyengo yapakati ya nthawi yomwe anthu ankagwiritsa ntchito zida zamiyala, ndipo mtima wakhala m'malo. Chiganizocho ndinkachiloweza bwinobwino: gulu la ofukula zakale la MEMSAP, lotsogozedwa ndi Jessica Thompson, lidalemba mu 2021 kuti anthu akale adasintha chilengedwe cha kumpoto kwa nyanja ya Malawi pogwiritsa ntchito moto, zaka pafupifupi 85,000 zapitazo. Koma funso limodzi linkandisowetsa tulo. Tchire limapsa ndi mphezi popanda munthu aliyense. Nanga makala a m'matope a pansi pa nyanja angaloze bwanji dzanja la munthu?

Ndikufotokozereni, anzanga a m'kalasi. Chomwe chidanditsegula mutu ndi kuika nyengo zamvula pambalipambali n'kuziyerekeza zokhazokha.

Matope omwe adatengedwa pobowola pansi pa nyanja mu 2005 amasunga mbiri ya zaka zoposa 600,000. M'zaka zimenezo nyanja idaphwa ndi kudzaza kangapo, ndipo nthawi zina chilala chinkafika poti madzi ankatsika mamita mazana angapo. Chilala chikatha, mvula n'kubwerera, mungu wa mitengo ya m'nkhalango unkachulukanso m'matopemo, wamitundumitundu. Chilala china, nkhalango n'kuchepa. Mvula ina, nkhalango n'kubwerera. Zinkayenda motero mobwerezabwereza. Kenako zaka pafupifupi 85,000 zapitazo mvula idabwera, nyanja idadzaza, koma mitundu ya mitengo sidachulukenso ngati kale, pomwe makala adapitirira kugwera m'matope. Nyengo yake ndi yofanana ndi zakale zija, koma zomera zidayankha mosiyana. Ndiye kuti padalowa chinthu china chomwe kale padalibe.

Ndibwerezenso, chifukwa apa ndi pomwe pagona nkhani. Umboni si wakuti moto udalipo, moto udalipo kuyambira kale. Umboni ndi wakuti mgwirizano wa mvula ndi nkhalango udaduka, ndipo udaduka nthawi yomweyo imene zida zamiyala zikuyamba kupezeka zochuluka ku Karonga, zakale kwambiri za zaka pafupifupi 92,000. Mphezi imayatsa moto mvula ikamayandikira, koma munthu amayatsa pomwe wafunira. Aliyense amene adaonapo lupsa la osaka mbewa akudziwa kuti pakapita masabata ochepa pamaphuka msipu wanthete, pomwe timitengo tating'ono tapserera. Zikachitika chaka ndi chaka, nkhalango siipeza mpata. Nthaka ikakhala poyera, mvula imaikokolola kuchoka m'mapiri, ndipo mchenga ndi miyala zomwe zidaunjikana m'munsi ndi zomwe zidakwirira zida za anthu omwewo. Pamenepa ndidachita kuima n'kuyendayenda m'chipinda.

Kunena zoona, kwa ine mungu ndi makala a pansi pa nyanja zimaposa njira zina zonse. Mwala umagubuduzidwa ndi madzi, ukhoza kukagona pafupi ndi fupa lomwe sudakhudzanepo nalo. Onani za ku Mwanganda's Village, ku Karonga komweko, komwe katswiri wofukula zakale J. Desmond Clark adafukula mafupa a njovu ndi zida zamiyala m'zaka za m'ma 1960. Kwa zaka zambiri anthu ankati mpomwe akale adasendera njovuyo, koma ofufuza atabwererako adapeza zifukwa zokayikira ngati mafupa ndi zidazo zidasiyidwa nthawi imodzi. Matope a pansi pa nyanja amangogona mwakachetechete, chaka pamwamba pa chaka. Ndikadakhala wokonza maphunziro, wophunzira aliyense akadayamba ndi kuwerenga mungu asanagwire mwala.

N'chifukwa chake zikundiwawa kuti tidathera masabata ambiri tikujambula ndi kugawa mitundu ya zida, pomwe nkhani yonseyi aphunzitsi adaidutsa ndi silaidi imodzi, belu litatsala pang'ono kulira. Nditafunsa za mphezi adangoti, "Kawerengeni pepalalo, zonse zilimo." Zilimodi, koma pepala lotere silimveka uli wekha usiku, bando ya intaneti ikutha, mayeso ena akukudikira m'mawa. Zinthu zidachitikira kwathu konkuno, ku Karonga kuli ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale, koma ambiri a ife timaliza maphunziro tisadapondeko.

Pali pomwe ndikadali kugwedera. Mungu umauluka ndi mphepo, wina umabwera ndi mitsinje kuchokera kutali, ndiye ukunena za dera lalikulu bwanji? Komanso tikamati anthu adazolowera chilengedwe chatsopano, kodi ankatentha mwadala podziwa kuti msipu ukoka nyama, kapena unali moto wapamsasa womwe unkangothawa, mibadwo ndi mibadwo, mpaka dziko lidasintha iwo osadziwa? Mtima wanga ukukokera ku mwadala, koma makala sangandiuze cholinga cha munthu. Mwina wina mwa inu adaona njira yosiyanitsira ziwirizi, ine sindidaipezebe.