Miyala ya Stonehenge ndi nthano ya Merlin

Pa maphunziro a mbiri ya England tafika pa Stonehenge, bwalo la miyala ikuluikulu lomwe lili m'chidikha cha Salisbury, ku Wiltshire. Poyamba, cha m'ma 3000 BC, panali ngalande yozungulira ndi mtumbira wa dothi. Miyala yaikulu ija, yolemera matani pafupifupi 25 umodzi, inaimikidwa patapita zaka ngati 500.

Koma ine chandikoka mtima ndi nthano yake. Cha m'ma 1136, wolemba mbiri wina, Geoffrey wa ku Monmouth, analemba kuti miyalayi inali paphiri lina ku Ireland, ndipo anaifikitsa kumeneko ndi ziphona zimene zinakaitenga ku Africa. Inde, nafenso tilimo m'nkhaniyi! Akuti inali yochiritsa: ankaithira madzi, odwala n'kusamba madziwo. Mfumu Aurelius ya ku Britain itafuna chipilala chokumbukira nduna zophedwa mwachiwembu ndi Asakisoni, mtundu wa anthu obwera umene unkalanda dzikolo, inatuma asilikali kukaitenga. Anayesa zingwe, anayesa makwerero, miyala osasuntha, mpaka Merlin, munthu wamatsenga, anaizula ndi nzeru zake ngati akuseweretsa, n'kukaiimika pamene ili lero.

Ndiye bwerani kwa akatswiri a miyala. Mu 1923 H.H. Thomas anasonyeza kuti miyala yaing'ono yobiriwira, imene ilinso pabwaloli, inachokera ku mapiri a Preseli ku Wales, mtunda wa makilomita pafupifupi 240 kumadzulo. Mu 2024 kafukufuku wina anapeza kuti mwala wogona pakati, umene amautcha guwa, ndi wa kumpoto chakum'mawa kwa Scotland. Za Ireland ndi Africa palibe, koma zoti miyala inayenda ulendo wautali n'zoona.

Anzanga ena m'kalasi akuti apa ndiye kuti nthano inasunga zimene makolo anaona. Ine sindikuvomera msanga. Pakati pa omanga ndi Geoffrey pali zaka zoposa 3,500, mitundu ya anthu inalowana, zilankhulo zinasintha, komanso mkuluyu ankadziwa kuthira nkhani mchere. Chimene ndikumva m'nthanoyi ndi ludzu la anthu a nthawi yake, ofuna mbiri yoti Britain inali ndi ulemerero Asakisoni asanabwere.

William Stukeley, wofufuza zinthu zakale, anachitanso chimodzimodzi mu 1740 ponena kuti malowa anali kachisi wa ansembe otchedwa Druid, chonsecho ansembewo amamveka m'mbiri patapita zaka ngati 2,000 miyala itaima kale. Maganizo akewo anakhazikika moti mpaka lero, pa tsiku lalitali kwambiri la mwezi wa June, ovala mikanjo yoyera amasonkhana pamalopo kudikira kutuluka kwa dzuwa.