Benchi yotsokomola ya ku Bangula

Mwezi wa Okutobala ku Bangula dzuwa silisewera ndi munthu. Nditatopa kudikira minibasi ya ku Nchalo, ndinati ndikabisale kaye m'vidiyo shoo, muja amatseka mazenera ndi mabulangete. Ndinalipira pakhomo n'kulowa. Mdima wa ndiweyani! Chimene ndinkaona ndi sikirini basi, Matchaina akumenyana uku akulankhula Chichewa. Ndinafufuza ndi manja, n'kutembenuka, n'kukhala. Ndili mkati modabwa kuti benchi yathabwa yayamba liti kufewa, benchi ija inatsokomola.

"Bambo a Chisomo, mwaswera bwanji?"

Apongozi anga aakazi! Omwe aja ndikakumana nawo panjira ndimapatukira kutchire. Ndinadzambatuka, mwendo n'kulowa m'beseni lawo la ufa. Chipinda chonse chinaphulika ndi chikhakhali, pakuti aliyense ankandiona bwinobwino kuyambira pakhomo, ine osaona ndi mmodzi yemwe.

Nkhani inafika kwa ankhoswe. Mboni yanga anali mphwanga wa Fomu 4, amene anabwera ndi kope lake la bayoloje ngati loya wa ku Blantyre. Anati mkati mwa diso, chakumbuyo, muli maselo olandira kuwala a mitundu iwiri. Ma cone, pafupifupi 6 miliyoni, ndi a masana, ndiwonso amasiyanitsa mitundu ya zinthu. Ma rod, pafupifupi 120 miliyoni, ndi a mumdima, ndipo ali ndi mankhwala otchedwa rhodopsin amene kuwala kukawawomba amaphwanyika. Munthu akachokera padzuwa lowala kwambiri, mankhwala ambiri amakhala ataphwanyika, ndiye diso limayenera kuwakonzanso pang'onopang'ono mothandizidwa ndi vitamini A. Kamwana ka diso kamakula m'timasekondi tochepa, koma zimenezo sizikwanira. Ma cone amayesako kwa mphindi ngati 10, kenako ma rod n'kutenga ulamuliro, ndipo kuti aone bwinobwino pamapita mphindi 20 mpaka 30.

"Vitamini A wakeyo asowe bwanji munthu womwa tiyi wa shuga wa ku Nchalo?" anafunsa ankhoswe a kuchikazi. Funso labwino ndithu, poti shugayo amathiramodi vitamini A. Mphwanga anati ngakhale mutamwa thumba lonse, mphindi zija simungazidumphe.

"Nanga mayiwa anamuona bwanji mkamwini wawo, mdima uli womwewo?"

"Ndiye kuti agogo anali atakhalamo kale, mwina theka la ola."

Pabwalo panati zii. Apongozi aamuna, amene nthawi yonseyi ankangosewera ndi ndodo yawo, anatembenuka pang'onopang'ono.

"Mayi a kuno, paja munati tsiku lija munachedwa chifukwa kuchigayo magetsi anazima?"

Mlandu wanga unathera pompo, n'kuyambika wina umene ine sindinaitanidwe. Nkhuku ndinaperekabe. Anati ndi ya ufa.