Mapepala a chithandizo cha ana ndamaliza, koma ofesi ina ya ku Tete inanditopetsa

Ndalama yoyamba ya chithandizo cha ana yochokera kwa bambo awo yalowa sabata yatha, ndiye ndati ndilembe mtima udakali wotentha, chifukwa amayi anzanga a pamsika wa Kwachena kuno ku Tete akhala akundifunsa kuti ndinayenda bwanji. Kwathu ndi ku Ulónguè, kuno ndimagulitsa mbatata ya kachewere ndi tomato wochokera ku Angónia. Bambo a ana anga atatu anapeza ntchito ku Moatize, n'kupezanso mkazi komweko. Zinazo mukuzidziwa, sindinabwere kudzalira.

Ndiyambe ndi mphekesera ya pamsika, yoti boma lili ndi ndalama ya amayi osiyidwa ndi amuna awo, munthu ungopita ku INAS, bungwe la boma lothandiza ovutika, kukalembetsa. Si choncho ayi. Permanente, woimira INAS m'dera lathu, mayi woleza mtima, anandikhazika pansi n'kundifotokozera. Ndalama ya mwezi ndi mwezi ija, ya PSSB, ndi ya mabanja osauka omwe muli okalamba a zaka 60 kupita m'tsogolo, olumala, kapena odwala matenda okhalitsa. Imayambira pa 540 meticais kwa munthu wokhala yekha, n'kumakwera mpaka 1,000 pa banja la anthu asanu. Ine wamanja ndi miyendo yolimba sindilowamo, koma amayi anga omwe ndimakhala nawo akulowa, ndipo dzina lawo tinalipereka. Kwa ife amphamvu kuli PASP, yogwira ntchito za m'dera monga kusesa misewu ndi kukonza ngalande, maola 4 pa tsiku, masiku 4 pa sabata, malipiro 1,050 pa mwezi, koma si chaka chonse ndiponso si aliyense amasankhidwa. Ndinawerengera, ndinaona kuti benchi langa la tomato lingafe, ndinaisiya.

Ndiye njira yanga inali ya pensão de alimentos, kuti bambo azipereka ya chakudya, sukulu ndi chipatala cha ana awo. Si chisomo, ndi lamulo la banja, Lei da Família ya 2019, ndipo silifunsa ngati munakwatirana ku tchalitchi kapena munangolowana. Mwana ndi mwana. Wopanda ndalama ya loya amapita ku IPAJ, komwe amathandiza osauka pa milandu mwaulere. Koma kuti akhulupirire kuti ndinu wosauka pamafunika atestado de pobreza, pepala lochitira umboni umphawi wanu, ndipo kuti atestado ituluke pamafunika declaração ya ku bairro, kalata ya ku dera lomwe mumakhala, ndipo secretário wa bairro, mkulu wa deralo, sangasaine ngati chefe de quarteirão, woyang'anira nyumba za pomwe mumakhala, sananene kuti amakudziwani. Yambirani pansi pomwepo. Ife obwera ochokera kumaboma, ngati simunakadzionetse kwa chefe pomwe munkalowa m'nyumba ya lendi, pitani lero, musadikire tsiku la mavuto.

BI, chiphaso chanu cha unzika, mukhale nayo yosatha ntchito. NUIT, nambala yanu ya msonkho, tengani ku Autoridade Tributária, ofesi ya misonkho, ndi manambala 9, salipiritsa, ndipo ine sindinachedweko. Wina akakuuzani panja kuti NUIT ndi yogula, ndi wakuba ameneyo.

Tsopano ofesi yomwe yandilembetsa zonsezi. Sindiitchula, ili m'tauni, ndipo ntchito yake pa nkhani yanga inali imodzi yokha: kulandira pepala langa ndi kudindapo chidindo. Maofesi a boma amatsegula 7:30 n'kutseka 15:30, ndiye ndinkadzuka kukadali mdima, kukwera chapa, kuwoloka mlatho wa Samora Machel, kuti ndikhale kutsogolo kwa mzere. Tsiku loyamba anati sistema palibe, kutanthauza kuti makompyuta sakugwira ntchito. Ndinafunsa mwaulemu kuti, "Pepani bambo, kodi chidindo chimafunanso sistema?" Anandiyang'ana osayankha, kenako anati ndibwere mawa. Mawa lakelo sistema inalipo, koma wosunga kiyi wa kabati ya chidindo anali ku msonkhano. Anati ndisiye declaração yanga kuti akabwera angodinda. Ndinawapatsa fotokope, anakana, akuti ikufunika yeniyeni. Ndinapempha kapepala kosonyeza kuti alandira, anati, "Mayi, kuno sitisoweza zinthu."

Anaisoweza. Nditabwerera, munthu yemwe uja, pa tebulo lomwelo, anandifunsa kuti ndinasiyira ndani. Unali Novembala, ndipo Novembala wa ku Tete mumamudziwa, kutentha kopitirira madigiri 40, ngakhale mthunzi umawotcha. Ndinakhala pa benchi la panja kuyambira m'mawa mpaka kutseka, akuti akufufuza m'mafaelo, koma pawindo ndinkawaona akudya nkhomaliro ndi kuseka za mpira. Tomato wanga tsiku limenelo anali ndi mwana wa mnzanga, theka anaphwanyika ndi dzuwa, wina anagulitsidwa motchipa ngati wotola. Ndalama yomwe ndinataya tsiku limodzi lija ikanagula ufa wa sabata. Ndipo chomwe chinandipsetsa mtima kwambiri si pepala losowalo ayi, koma mnyamata wina wongozungulira pakhomo, wosavala yunifomu, amene anabwera kudzandinong'oneza kuti, "Amayi, mukapereka ya refresco pepala lanu lipezeka pompano." Ndiye kuti linalipo! Munthu ukupempha pepala lonena kuti ndiwe wosauka, wina akufuna umugulire chakumwa. Sindinapereke. Ndinabwerera kwa chefe de quarteirão, kwa secretário, kuyambanso, ndi kulipiranso ya declaração yatsopano.

Choncho amayi anzanga, pepala lenileni musalisiye pa ofesi iliyonse popanda kapepala kosainidwa kosonyeza kuti alandira. Pitani ku notário, ofesi yotsimikizira mapepala, akadinde mafotokope anu kuti akhale autenticada, otsimikizidwa kuti ndi ofanana ndi lenileni. Kumalipidwa, inde, koma n'kochepa poyerekeza ndi tsiku la msika lotayika. Ulendo wachiwiri ndinapita ndi mafotokope odindidwa, ndinaima pomwepo mpaka analemba tsiku ndi kusaina pa kope langa. Anang'ung'udza, koma analemba.

Ndadumpha za ana. Musanayambe n'komwe zonsezi, tulutsani cédula kapena certidão ya kubadwa kwa mwana aliyense, muone ngati dzina la bambo lilipo. Akulu awiri anga lilipo. Wotsiriza anabadwa zinthu zitavuta kale, ndipo pamalo pa bambo panali popanda kanthu. Mwana wotero samulamulira chithandizo mpaka bambo atavomera ku Registo Civil, ofesi yolembetsa ana obadwa, kuti ndi wake, kapena khoti litafufuza. Bambo a ana anga anavomera titaitanidwa, mwina chifukwa mwanayo ndi nkhope yawo yeniyeni, koma akanakana nkhani ikanatalika. Ndipo ana omwe analembetsedwa kumudzi, ku Angónia kapena ku Tsangano, certidão yawo mungafunike kukaitenga komwe analembetsedwako, ndiye sungiranitu ya basi.

Ku IPAJ kunalibe zambiri. Anandimvetsera, analemba, anandiuza zoti ndibweretse. Chomwe chinathandiza n'chakuti ndinkadziwa komwe bambowo amagwira ntchito, ndipo ndinali ndi malisiti a yunifomu, makope ndi mankhwala omwe ndinkaponya m'chitini. Ndalama salamula mwachisawawa, amaona zosowa za ana ndi zomwe bambo amapeza. Poyamba amayesa kukugwirizanitsani. Bambowo anabwera atavala bwino, n'kunena kuti amatumiza kale mwezi uliwonse. Ndinatsegula foni, mauthenga a M-Pesa onse analipo, ndalama yotsiriza inali ya kalekale. Musafufute mauthenga a M-Pesa kapena e-Mola, ndi mboni zosatopa. Ndinapempha kuti ndalama izidulidwa ku malipiro awo kuntchito konko, m'malo modikira kuti akumbukire okha, ndipo zinatheka. Apa m'pomwe NUIT inagwira ntchito, chifukwa ku banki potsegula akaunti anaifuna pamodzi ndi BI ndi declaração ya komwe ndimakhala. Declaração inanso! Mukamapita kwa secretário, funsiranitu ngati angakulembereni ziwiri.

Kwa amene amuna awo anamwalira, njira ndi ina. Ngati malemuwo ankadulidwa INSS kuntchito, ndalama yosungira penshoni ija, mkazi ndi ana ali ndi pensão de sobrevivência, penshoni ya otsala, ndipo pamafunika certidão de óbito, chikalata cha imfa, ndi umboni wa ukwati. Amene munangokhala limodzi osalembetsa, lamulo la 2019 limazindikira união de facto, kukhala kotereku ngati banja, mukapitirira zaka 3, ndiye achibale a mwamuna asakuopsezeni kuti simuli kanthu. Amene mukumenyedwa, musayambe ndi mapepala onsewa, pitani kaye ku polisi, ku Gabinete yoona za mabanja ndi ana ochitidwa nkhanza. Lamulo la nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2009.

Za mpamba wa bizinesi ndinene mwachidule, poti chithandizo cha ana ndi cha ana, sichigula matumba a mbatata. Akatapila a pamsika ndimawathawa. Txuna, ngongole ya pa M-Pesa, imathandiza pa vuto la lero lomwe, si yoodera katundu. Thumba la FDEL, lothandiza mabizinesi a m'madera, lomwe boma linakhazikitsa mu 2025 ndi ngongole yobweza, osati mphatso monga ena ankaganizira za "sete milhões" zija, thumba lakale la boma lopita m'maboma. Ine chomwe chandikweza ndi gulu lathu la amayi losunga ndi kubwereketsana, timakumana Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, bokosi lili ndi maloko atatu ndipo makiyi ali kwa anthu atatu osiyana. Chiwongoladzanja chimabwerera kwa ife tomwe pogawana kumapeto kwa chaka. Xitique, yosonkherana ndalama mosinthana, ndimachitanso ndi anzanga a mzere wa tomato, koma imeneyo lowani ndi anthu omwe mumadziwa pomwe amagona.

China: mafotokope chitirani ku bairro kwanu, pafupi ndi maofesi amakweza mtengo chifukwa akudziwa kuti mulibe kothawira. Tengani madzi, cholembera chanu, ndi envulopu ya pulasitiki, thukuta la kuno limafufuta inki. Ndipo akakuuzani kuti siyani lenileni tidzadinda mawa, apatseni la autenticada, akakana alembe ndi kusaina kuti alandira, inu mudakali pomwepo.