Zimene ndaphunzira pa chimfine cha anapiye

Teremu ino m'maphunziro athu a ziweto tafika pa matenda a kapumidwe a nkhuku, ndipo chimene chandikhala m'mutu kwambiri ndi mmene thupi la nkhuku linapangidwira. Nkhuku ilibe mnofu uja wopingasa kunsi kwa mapapo umene anthufe timapumira. Mapapo ake ndi aang'ono ndipo safufuma n'kuphwa monga athu. Mpweya umayendetsedwa ndi timatumba 9 topyapyala kwambiri tomwe tili m'chifuwa ndi m'mimba. Timatumbati tili ndi mitsempha ya magazi yochepa, choncho tizilombo tikakhazikikamo, mankhwala amavutika kufikamo. N'chifukwa chakenso mwanapiye safuna kumufinya pachifuwa pomugwira. Fupa la pachidale likalephera kuyenda, ndiye kuti wasiya kupuma.

Phunziroli linagwa m'nyengo yake. Mu Julaye kuno ku Lilongwe usiku kumazizira mpaka kutsika pansi pa madigiri 10, ndipo azakhali anga ku Chinsapo anali ndi anapiye a mabuloyila a sabata yachiwiri amene anayamba kuyetsemula. Aphunzitsi athu amati matendawa amayamba kumveka asanaoneke, ndiye muzilowa m'khola usiku anapiye atagona, muime chete. Ndinachita zomwezo. Apa ndi apo kunkamveka tsi, tsi, ndipo ena ankalira pakhosi pokoka mpweya. Nditawalitsa tochi ndinaona maso amisozi, ena ali ndi kathovu m'ngodya ya diso, mapiko atagwa. Kenaka ndinagwada n'kuika nkhope yanga pomwe pali mitu yawo, ndipo maso anayamba kundiwawa nthawi yomweyo.

Azakhali anali atatseka mawindo onse ndi masaka, pansi pa chitseko atatsindira nsanza, mbaula ya makala ili pakati. Anachita izi chifukwa chowakonda anapiyewo, ndipo alimi ambiri amatero kukazizira. Koma utuchi ukanyowa ndi zitosi umatulutsa mpweya wa amoniya, ndipo ukafika pa mlingo wa magawo 25 pa magawo miliyoni imodzi a mpweya (25 ppm) umaononga timaubweya ta m'kholingo tomwe timatulutsa fumbi ndi tizilombo. Makala osayaka bwino nawo amatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo. Munthu woimirira pakhomo samva zambiri, koma mwanapiye amakhala pomwepo pa utuchi usana ndi usiku.

"Azakhali, tichotseko masaka akumwambawa," ndinatero.

"Iwe, ufuna andifere ndi chisanu?"

"Ayi azakhali, mphepo isawombe pa iwo, koma mpweya woipawu upeze potulukira. M'munsimu titchinga ndi makatoni."

Anavomera monyinyirika. Tinachotsa utuchi wonyowa wozungulira zomwera, tinathira wouma, ndipo mbaula tinayamba kuikoleza panja mpaka makala apse bwino, utsi uthe, kenaka n'kuilowetsa.

Chovuta n'chakuti anthu matenda onsewa amangowatchula kuti chimfine, pomwe oyambitsa ake ndi osiyana. Chitopa chimabwera ndi ukali, nkhuku zimafa zambiri m'masiku ochepa, zitosi zimakhala zobiriwira, zina zimapinda khosi, ndipo chilibe mankhwala. Nthenda ina yotchedwa infectious bronchitis imayamba ndi vairasi, ndipo imafalikira msanga. Bakiteriya wotchedwa Mycoplasma gallisepticum, amene amayambitsa matenda okhalitsa a kapumidwe otchedwa CRD, amayenda pang'onopang'ono, ndipo amatha kuchoka kwa thadzi kudzera m'dzira, moti mwanapiye amabadwa nawo kale n'kudzaonekera akapanikizika ndi kuzizira kapena mpweya woipa. Palinso chuku cha Aspergillus chomera mu utuchi kapena chakudya chomwe chinanyowapo. Mwanapiye wogwidwa nacho amatambasula khosi n'kumayasama koma osamveka phokoso, ndipo mankhwala opha mabakiteriya sachita kanthu. Zimandimvetsa chisoni kuona munthu akuthamangira kogula paketi ya mankhwala asanadziwe chimene akulimbana nacho, chifukwa ndalamayo imapita, anapiye n'kumafabe, tizilombo n'kumazolowera mankhwalawo.

Ife tinaitana alangizi a ziweto. Anang'amba mwanapiye mmodzi amene anafa m'mawa womwewo, n'kundionetsa timatumba tija ndinkangotiona pa chithunzi m'kalasi. Tathanzi timaonekera mkati ngati kapepala ka pulasitiki kopyapyala. Ta ameneyu tinali totuwa, tili ndi thovu, koma m'mapapo munalibe timibulu tachikasu tosonyeza chuku. Potengera izi komanso kuti anapiye sankafa mwaunyinji, alangiziwo anaganizira za CRD ndipo analemba tylosin, mankhwala olimbana ndi mabakiteriya othira m'madzi akumwa. Anatsindika kuti timalize masiku onse olembedwa ngakhale anapiye ataoneka kuti atsitsimuka, komanso tisunge masiku odikira olembedwa pa paketi nkhuku zisanadyedwe.

Komabe ntchito yaikulu inali ya manja. Odwalitsitsa tinawapatula m'katoni yawo pafupi ndi moto, chifukwa mwanapiye wofooka anzake amamuponda ndipo safika pa chomwera. M'buku mwalembedwa kuti sabata yoyamba kutentha kukhale madigiri 32 mpaka 35, n'kumatsitsa pafupifupi madigiri 3 sabata iliyonse. Azakhali alibe choyezera kutentha, koma anapiye amanena okha. Akaunjikana pa mbaula n'kumalira mokweza azizidwa, akathawira m'mbali kukamwa kuli yasa atenthedwa, akamwazikana n'kumadya zili bwino.

Madzi ndiwo ankandidetsa nkhawa kuposa chakudya. Mwanapiye amene watsekeka mphuno amasiya kumwa, ndipo mankhwala ali m'madzi momwemo. Ndinkamutenga mmodzimmodzi, kumupukuta mphuno ndi maso ndi kansalu koviika m'madzi ofunda, kenaka n'kuviika nsonga ya mlomo wake m'chivindikiro cha botolo. Amakhala kaye duu, kenaka amatukula mutu, pakhosi n'kumaoneka pakugwedera. Kumutsanulira madzi m'kamwa n'koopsa, chifukwa khomo la kholingo lili patsinde pa lilime penipeni, ndipo dontho likalowa mmenemo limapita m'mapapo. Chakudya tinkachinyowetsa pang'ono kuti chisavute kumeza komanso chisachite fumbi, chotsala n'kutaya chisanasase. Tinkayamba kusamalira athanzi, kumalizira odwala, kenaka kusamba m'manja ndi sopo.

Azakhali anafunsa ngati sitingangowapatsa katemera onse. Katemera sachiza, ndipo nkhuku yodwala sipatsidwa. Amene tinawapatsa ndi nkhuku zawo zachikuda zoyenda pabwalo, zomwe zinali bwinobwino. Katemera wa chitopa wa I-2, amene amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory konkuno ku Lilongwe, amapirira kutentha kuposa akatemera ena ambiri, ndipo ndi dontho limodzi m'diso pakatha miyezi inayi iliyonse.

Ofooka kwambiri ena anafabe, ndipo tinawakwirira mozama kuti agalu asafukule. Ambiri anayambanso kudya, ngakhale kuti ena anatsalira pa kakulidwe. Chimene ndinawauza azakhali momveka n'chakuti tylosin amaziziritsa matendawa koma sachotseratu Mycoplasma m'thupi, choncho opulumukawo asasakanikirane ndi zachikuda zija ngakhale tsiku limodzi. Akadzagulitsa gulu limeneli tidzatulutsa utuchi wonse, kutsuka khola ndi mankhwala, n'kulisiya lopanda kanthu kwa masabata awiri asanabweretse anapiye ena, ndipo tagwirizana zoboola mipata iwiri kumwamba kwa khoma n'kuikamo waya.