Ulendo wathu wa ku Edinburgh potsata Stevenson

Loweruka lapitali ife makolo ndi ana, amene timakumana kamodzi pamwezi kuno ku Glasgow kuti ana aziwerenga komanso asaiwale Chichewa, tinapita ku Edinburgh. Tinalipo akuluakulu 8 ndi ana 13. Kwa miyezi iwiri takhala tikuwerenga mabuku awiri a Robert Louis Stevenson, Treasure Island ndi Kidnapped, ndiye tinapangana zokaona kwawo kwa mlembiyo.

Ine ulendowu ndinkaulakalaka kuposa ana. Treasure Island ndinaiwerenga koyamba ndili Fomu 1, buku lachidule lopanda chikuto, masamba akumapeto atadyedwa ndi chiswe. Ndinkalibisa pansi pa desiki nthawi ya prepu. Nyanja ya mchere ndinali ndisanaionepo, koma ndinkamva kugunda kwa ndodo ya Long John Silver, wophika wa mwendo umodzi wa m'nkhaniyo, pamatabwa a chombo, ndipo kwa zaka zambiri sindinadziwe kuti munthuyo anathera kuti.

Sitima yochokera ku Queen Street inatifikitsa pa Waverley ola lisanakwane. Titangotuluka tinaima pang'ono pa chiboliboli cha David Livingstone mu Princes Street Gardens. Pamenepo bambo wina anati msewu wakale uja wa Stevenson Road, wochokera ku Karonga kulowera ku nyanja ya Tanganyika, unatchulidwa dzina la mlembi wathuyu. Mkulu wa gulu anawongola mwaulemu: ameneyo anali James Stevenson, wamalonda wa ku Glasgow amene anapereka ndalama zolambulira msewuwo m'zaka za m'ma 1880. Anthu awiri osiyana, dzina limodzi.

Kuchoka apo tinakwera chitunda mpaka ku Lawnmarket, n'kulowa kanjira kothina ka Lady Stair's Close. Mkatimo muli Writers' Museum, nyumba yomangidwa mu 1622, yosungira zinthu za Robert Burns, Walter Scott ndi Stevenson. Kulowa n'kwaulere. Ana anathamangira kwa Stevenson. Anazinga nsapato zake zazitali zokwerera kavalo, kenaka mphete yomwe mfumu ina ya ku Samoa inamupatsa, yolembedwa kuti Tusitala, kutanthauza wokamba nthano. Anabadwira mumzindawu pa 13 Novembala 1850, n'kukafera ku Samoa pa 3 Disembala 1894 ali ndi zaka 44 zokha.

Chomwe chinandikhudza ndi ubwana wake. Ankadwala chifuwa kawirikawiri, masiku ambiri n'kumangokhala pogona, ndipo mlezi wake Alison Cunningham ndiye ankamuwerengera ndi kumukambira nkhani usiku tulo tikakana. Bambo ake ndi agogo ake anali akatswiri omanga nsanja za nyali zounikira zombo m'magombe a Scotland, koma iye ntchitoyo inamukanika. Munthu amene anatiyendetsa panyanja tonsefe ali mwana ankaonera dziko pazenera. Mu Writers' Museum muli kabati yomwe inali m'chipinda chake, yopangidwa ndi William Brodie, kalipentala wolemekezeka masana koma wothyola nyumba usiku, amene ananyongedwa mu 1788. Mwana wogona moyang'anizana ndi kabati yotere n'zosadabwitsa kuti anadzalemba za Silver, wophika wansangala amene mumtima anali chigawenga.

Tinakhala pabwalo la kunja kudya mandasi ndi tiyi wa m'mafulasiki, ndipo ndinawafotokozera ana mmene Treasure Island inayambira. Munali mu 1881 ku Braemar, mudzi wa kumapiri a Scotland, mvula ikungogwa osaleka. Stevenson ndi mwana womupeza, Lloyd Osbourne, anajambula mapu a chisumbu pofuna kutaya nthawi. Mapuwo ndiwo anabala nkhani. Ankalemba mutu umodzi n'kuwerengera a m'banjamo, ndipo bambo ake anatengeka mpaka kukhala pansi kulemba mndandanda wa zinthu zoti zipezeke m'bokosi la Billy Bones, mmalinyero wokalamba wa m'nkhaniyo. Nkhaniyo inayamba kutuluka pang'onopang'ono m'magazini ya ana ya Young Folks, wolemba atadzitcha Captain George North, n'kudzakhala buku mu 1883.

Ndili mkati mofotokoza, mwana wanga wamkazi wa zaka 12 anandidula. "Adadi, nanga atsikana ali kuti m'bukuli?" Funso lake linali loona. Stevenson mwini ananena kuti ndi nkhani ya anyamata, ndipo Lloyd sanafune akazi m'menemo. Mayi a Jim, mnyamata wosimba nkhaniyo, amaoneka kumayambiriro basi. Mkazi wa Silver, amene bukulo limati sanali mzungu, ndiye anasungitsidwa ndalama ndi nyumba ya alendo, koma sitimuona ngakhale kamodzi, salankhula liwu ndi limodzi. Ndili mnyamata sindinazione zimenezi. Mabuku ena a mtundu umenewu amapweteka kuposa apa: mu King Solomon's Mines ya H. Rider Haggard, ya 1885, dziko la Africa ndi malo oti alendo akatengeko chuma. Tinatsutsana kwa nthawi ndithu ngati ana athu ayenera kuwerenga zotere. Ine ndinati aziwerenga, koma ife tili pambali, chifukwa funso ngati la mwana wangayu limabwera munthu akawerenga yekha n'kuona chosowacho.

Masana tinakwera sitima ina mpaka ku Dalmeny, n'kutsika masitepe ambirimbiri m'katchire kufika m'mbali mwa madzi ku South Queensferry. Apa ndi pomwe ulendo wonse unasinthira. Nyumba ya alendo ya Hawes Inn idakalipo, yoyera, itapanikizika pansi pa mlatho wofiira wa Forth Bridge womwe unatsegulidwa mu 1890. Mu Kidnapped, buku la 1886, m'nyumba imeneyi ndimo Ebenezer anapangana ndi Captain Hoseason zogulitsa David Balfour, mwana wa mchimwene wake, kuti akagwire ukapolo m'minda ya ku Carolina. Tinaima pa doko lamiyala, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa, mnyamata wina n'kuwerenga mokweza pamene David akukwezedwa m'chombo cha Covenant, n'kuona kabwato kakubwerera kumtunda katanyamula amene anamubweretsa.

Atamaliza, mayi wamkulu pagulu lathu, wa ku Nkhotakota, amene ana onse amawatcha agogo, anayamba kulankhula osafunsidwa. Anati agogo awo ankasimba za m'bale wawo amene anatumidwa kugombe ndi munthu womudziwa bwino, masiku a Jumbe, ndipo sanabwerenso. Ankangoti anawolotsedwa pa dawo kupita tsidya la nyanja, njira ya ku Kilwa. Dzina lake analitchula, ndi dzina la mudzi. Ana amene tsiku lonse ankangoyankha m'Chingerezi anakhala duu, kenaka wina anafunsa m'Chichewa chake chothyokathyoka, "Agogo, anali ndi zaka zingati?" Iwo anati sankaposa msinkhu wa David. Mbale wawoyo analibe mnzake ngati Alan Breck wa m'bukuli, amene anapulumutsa David ndi lupanga, ndipo palibe amene analemba za iye.

Pobwerera ana anachonderera kuti tiwoloke mlathowo, ndiye tinapita siteshoni imodzi kutsidya ku North Queensferry n'kubwerera, nkhope zonse zili pagalasi kuyang'ana madzi pansi. Tinafika ku Glasgow cha m'ma 8 usiku, aliyense ali bwino.

Mwezi wamawa sitiwerenga buku. Agogo avomera kudzasimba nkhani ija yonse, ndipo mwana wanga ndi anzake awiri apempha kuti iwo ndiwo adzagwire zolembera. Ine andituma kuti ndipeze mapu oonetsa Nkhotakota, nyanja ndi Kilwa.