Tsiku limene Chilembwe anasonkhetsa chopereka ku Virginia

Pamsonkhano wa akatswiri a mbiri, zolembalemba ndi chikhalidwe cha America, wolankhula amapatsidwa mphindi 20 basi. Zikatha, wapampando amakukwezera kapepala koti ukhale pansi, ngakhale mawu ali m'kamwa. Ine anandiika m'kachipinda ka hotelo ina ku Virginia, kutsatira mkulu wina amene anagoneka anthu ndi nkhani ya nkhondo yapachiweniweni ya ku America ya 1861 mpaka 1865.

Yanga inali nkhani ya John Chilembwe: anapita ku America mu 1897 ndi Joseph Booth, anaphunzira ubusa pasukulu ya anthu akuda ku Lynchburg, nabwerera mu 1900 kukayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Zithunzi ndinali nazo zambiri, koma kompyuta yawo inakana fulashi yanga. Mnyamata wa zamakina anaizula, kuiuzira, kuibwezeramo, kenako n'kupukusa mutu. Akuti vairasi.

Koma Mmalawi sasowa chithunzi cha Chilembwe, bola mwezi usanapite patali. Ndinasolola K2,000 m'kachikwama. Mphepo ya makina oziziritsa m'chipinda inkafuna kuiulutsa, ndiye ndinaiika m'kambale kokhazikapo kapu ya khofi, n'kupatsa mayi wa kutsogolo kuti aone nkhopeyo, azipatsirana.

Tsoka sasimba. Tsamba lotsatira linali la mmene mipingo ya anthu akuda ya National Baptist Convention inkasonkhera ndalama zothandizira Chilembwe, mpaka kumutumizira amishonale, Landon Cheek mu 1901 ndi Emma DeLaney mu 1902. Tsono ine ndinakulira m'nyumba ya mkulu wa mpingo, nkhani ikafika pa chopereka mawu amakwera okha. Ndinaiwala zoti ndikuwerenga pepala. "Ana a akapolo, anthu opanda kanthu, ankaponya kangachepe m'mbale kuti ku Mbombwe kumangidwe sukulu! Nanga opeza bwino anali kuti?"

Ndikumva kumbuyo mapepala akuti tswatswa, ndinkati anthu akulemba mfundo zanga. Mtima unali m'malo ndithu.

Nditafika pa 23 January 1915, usiku umene kuukira kunayamba, kambale kanabwerera. Kanali tho! Madola okhaokha, ena opindapinda, ndalama zachitsulo pamwamba, ndi cheke chimodzi chopanda dzina la wolandira. Wapampando anakaika patsogolo panga ndi manja awiri, maso ali ndi misozi. Kapepala kake koletsa anthu kaja sanakakweze n'komwe.

Nthawi ya mafunso, palibe anafunsa za Lynchburg, kapena ngati Chilembwe anamvako za John Brown, mzungu wodana ndi ukapolo amene anaukira ku Harpers Ferry mu 1859, chikhalirecho yankho lake ndinalikonzekera usiku wonse. Funso loyamba linali lakuti kodi opereka alandira lisiti, poti kwawoko zopereka zotere zimachepetsa msonkho. Wachiwiri anati kalankhulidwe kanga n'katsopano, kosakaniza kafukufuku ndi sewero, ndipo akufuna akayesereko kwa ophunzira ake.

Kufotokoza kuti sindimapempha kanthu kunanditengera thukuta. Ndinakaima pakhomo ngati kondakitala wa minibasi ya ku Ndirande, kambale m'manja: wa faivi dola ndani, wa teni ndani? Ena anakana kulandira, amvekere ndagwira ntchito yabwino, ndipitirize. Masamu sanagwirizanenso, chifukwa mnyamata wa vairasi uja anatenga teni pomwe ine sindinamuone akuponya.

Nditapukuta kambale, Chilembwe munalibe. Ndinamupeza pamzere wa khofi, m'thumba la malaya la pulofesa wina wokalamba, wogontha khutu limodzi, yemweyo amene anayambitsa zoponyazo.

"Pepani bwana, ndalama imeneyo ndi yanga."

Anandiyang'ana modabwa. Akuti iwo anaponya madola 20, ndiye ataona pepala la 2,000 anaganiza kuti wina wapitirira muyeso, akufuna akamubwezere mwini wake. Nditawauza kuti ngakhale kubanki sikwana madola awiri, anaibweza m'thumba, nati basi aisunga ngati chenji.