Kunjoya mwakachetechete

Pa mayeso a Fomu 4 ndinapeza 2 pa Chingerezi, ndipo palibe m'bale wanga amene sadziwa zimenezi, poti ndinaonetsetsa kuti aliyense wamva. Kalata ya boma ikafika kwathu, amathamangira nayo kwa ine. Ndikamawerenga ndimayamba ndatsokomola, n'kukonza magalasi, kenako n'kumasulira pang'onopang'ono ngati womasulira wa kukhoti. Mudziwiretu zimenezi kuti mumvetse kutalika kwa mtengo umene ndinagwamo.

Titapeza nyumba ya lendi ku Chilomoni, a landilodi, mayi wamasiye wolankhula motsitsa, anatipatsa pangano lotayipa la masamba atatu, lonse m'Chingerezi. Mwana wawo ndi amene anawakonzera. Iwo ankangodziwa pamene pali K80,000 ndi posaina. Ine ndinawerenga mzere uliwonse mokweza, nditaimirira, ndipo nditafika pa ndime 7 mtima unachita kuti myaa. Panalembedwa kuti: "The Tenant shall have quiet enjoyment of the premises."

"Akuti chiyani pamenepo?" anafunsa akazi anga.

"Akuti tizinjoya mwakachetechete," ndinayankha. "Bata, mayi. Lolembedwa, losainidwa. Ukangomva phokoso, lamulo lili mbali yathu."

Miyezi itatu yoyamba tinanjoyadi. Usiku kunkangomveka agalu akutali ndi mphepo yotsika m'phiri la Michiru. Kenako kuseri kwa mpanda, pa puloti ya munthu wina, kunasamukira mnyamata wobwereketsa zokuzira mawu pa maukwati ndi zinkhoswe. Analinso woyendetsa mwambo. Masipika ake anali aatali ngati mafiliji, anayi, ndipo Lachisanu lililonse madzulo ankawatulutsa panja kuti awayese.

"Wanu, thu. Wanu, thu. Tesitin'i, wanu, thu."

Miyezi yonse imene ndakhala naye pafupi, mnyamata uja sanafikepo pa fili. Akatha kuwerenga ankaika nyimbo, mbale m'kabati n'kuyamba kuvina zokha. Choipa kwambiri chinali choti ankayeserera perekaniperekani. Pakati pa usiku mumangomva: "Akuchimuna muli kuti? Sitikufuna zitsulo! Ma K2,000 okhaokha!" Tsiku lina ndinadzidzimuka kutulo dzanja lili kale m'thumba la thalauza yomwe inali pampando.

Ndinapita kwa a landilodi mwaulemu. Anandimvetsera akusankha nyemba pa lichero.

"Pepani bambo," anatero. "Koma mnyamatayo si wanga, ndipo pulotiyo si yanga. Kapena mukalankhule naye."

Kukalankhula naye? Ine, munthu wokhala ndi ndime 7? Usiku womwewo ndinakhala patebulo n'kulemba kalata imene mpaka lero ndimaiona kuti inali yokongola. Munali "hereby" katatu, "aforementioned" kawiri, ndi "forthwith" mmodzi kumapeto ngati chidindo. Mfundo yake inali yoti popeza a landilodi alephera kupereka bata lomwe analonjeza, ine ndaimitsa kupereka lendi kufikira bata litabwerera. Ndinasaina siginecha yanga yaikulu, ija ya mchira.

Akazi anga anaiyang'ana, n'kundiyang'ana ine.

"Abambo, bwanji mumufunse kaye mwana wa achemwali anu uja? Si loya?"

"Chingerezi cha mawu awiri ndikafunse mwana amene ndinkamuphunzitsa a-e-i-o-u?"

Mwezi unatha osalipira. A landilodi zii. Wachiwiri unatha, zii. Tikakumana pampopi ankandipatsa moni bwinobwino, ine n'kumati mumtima: Chingerezi chawalowa m'mafupa.

Loweruka lina ndikuchokera ku Limbe, ndinaona patali kuti nyumba yathu ikuoneka mwachilendo, ngati munthu woguluka dzino lakutsogolo. Nditayandikira ndinaona kalendala ya pabalaza, wailesi, ndi mwana wanga akudya mbatata, zonsezi ndili panjira. Chitseko panalibe.

Akazi anga anafotokoza modekha kwambiri, kudekha kumene mwamuna aliyense wokwatira amakuopa. Akuti kunabwera kalipentala, anaodira bwinobwino, n'kunena kuti watumidwa ndi amayi. Anapempha mpando woti akwerepo.

"Ndiye iwe unamupatsa?"

"Nanga ndikanamumana? Munthu waulemu ngati ameneyo?"

Chitseko chathu chinali chitatsamira pakhonde pa a landilodi, jekete langa la mvula likadali pa msomali kumbuyo kwake. Kiyi anali m'thumba mwanga. Ndinamutulutsa, n'kumuyang'ana, n'kumubwezeramo.

Usiku umenewo tinapachika chitenje pakhomo n'kutsekereza ndi tebulo. Ine ndinagona pampando, mpini wa khasu uli pamiyendo. Udzudzu wa Chilomoni yense unauzana. Ndipo poti mnyamata uja anali ndi ukwati wina Lamlungu, anayesanso zida zake. Kale phokoso linkayamba lagogoda, tsopano linkangolowa n'kukhala pa sofa. Chakum'mawa ndinatsegula maso n'kupeza nkhuku ya eni ake itaima patebulo, ikundiyang'ana ndi diso limodzi. Akazi anga akudutsa ndi tsache anangoti, "Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo." Sindinayankhe. Mwambi umenewu ndinaumva koyamba ndili mwana, koma sindinkadziwa kuti ungamugwere munthu ndendende chonchi, mpaka ndi khomo lomwe.

Ndinamuimbira foni mwana wa achemwali anga uja. Anaphunzira zamalamulo ku Chancellor College ku Zomba. Anafika masana, n'kuima pakhomo, n'kusowa pogogoda. Ndinamupatsa pangano lija ndi kope la kalata yanga. Anawerenga mwakachetechete, mapewa okha akugwedezeka.

"Amalume, pepani, ndisekeko kaye pang'ono kenako ndikuthandizani."

Atapukuta misozi anandiuza kuti mawu awiri aja ndinawamva onse molakwika, lililonse palokha. M'chilankhulo cha maloya, "enjoyment" si kunjoya. Ndi kukhala ndi chinthu n'kumachigwiritsa ntchito, kaya ukusangalala kaya ukulira. Ndipo "quiet" si nkhani ya makutu. Tanthauzo lake n'loti mwini nyumba, kapena munthu wodzera mwa iye, asakusokoneze pa kukhala kwako m'nyumbamo. Asamangolowa, asakutsekere kunja, asakuvutitse kuti uthawe.

"Iwe, dikishonale ndili nayo m'nyumba muno."

"Dikishonale yanu ndi yabwino, amalume, koma mawu amenewa ndi okalamba kuposa iyo. Anabwera ndi malamulo a ku England, amene anayamba kugwira ntchito kuno mu 1902, ndipo anthu amangowakopera m'mapangano osawasintha. Komanso musadandaule, si inu woyamba. Azungu eni ake chilankhulo anagwa m'dzenje lomweli."

Apa ndinakhala tsonga, chifukwa tsoka la mnzako limatonthoza. Anati kale mu 1888, woweruza wina wa ku England, dzina lake Kekewich, anachita kufotokoza m'khoti kuti mawuwa sakunena za phokoso. Ndinamuuza kuti munthu wa dzina lomveka ngati kulira kwa tambala sangaweruze bwino nkhani ya bata, koma iye anangopitiriza. Mu 1999 nkhani ina inafika mpaka ku House of Lords, lomwe panthawiyo linali khoti lalikulu kwambiri kumeneko. Anthu ochita lendi m'nyumba za khonsolo ku Southwark ndi ku Camden, mu London, anadandaula kuti makoma ndi opyapyala moti ankamva zonse za anzawo: TV, ana akulira, kuphika, mikangano, ngakhale za kuchipinda zimene sitingatchule pano. Oweruza anavomereza kuti phokoso lopitirira muyeso lochokera kwa mwini nyumba lingathe kuphwanya lonjezo limeneli. Koma anthu aja anagonja, chifukwa makomawo anawapeza ali choncho polowa, ndipo anzawowo ankangokhala monga anthu amakhalira.

"Ndiye ngati iwo analuza ndi phokoso la m'nyumba za landilodi mmodzi, inu mungawine bwanji ndi la pa puloti ya munthu wina? Mnyamatayo ngati akusowetsani mtendere, nkhani yake ndi ina, ndipo ndi ya inu ndi iyeyo. Amayiwa sizikuwakhudza."

Ndinayang'ana chitenje chikuuluzika pakhomo. Ndinafunsa ndi mawu aang'ono kuti nanga ndime 7 ntchito yake n'chiyani.

Analoza pomwe panali chitseko. "Ndi iyo."

Akuti mu 1942, pa mlandu wa Lavender ndi Betts, landilodi wina ku England anachotsa zitseko ndi mawindo kuti alendi ake asamuke, ndipo khoti linati waphwanya lonjezo lomweli. Mu 1953 wina anadulira mlendi wake magetsi ndi gasi, nayenso anapezeka wolakwa. Ine ndinkayesa kuti kuzula chitseko ndi luso la malandilodi a ku Ndirande ndi ku Mbayani, osadziwa kuti ngakhale zimenezi tinachita kutengera. Mwini nyumba akafuna ndalama zake kapena nyumba yake, njira ndi ya kukhoti, osati ya kalipentala.

Magazi anabwerera m'thupi. Ndinaimirira. Miyezi iwiri ndinkalira kuti pangano laphwanyidwa pomwe linali lisanaphwanyidwe, ndipo tsopano linali litaphwanyikadi, ine osadziwa, ndili m'kati mwake ndi mpini wa khasu!

"Tikasume! Ndipatse pepala!"

"Khalani pansi, amalume. Cholembera chimenecho chakulakwirani kokwanira."

Anawerengera pa zala. Choyamba, ngongole ya K160,000 ilipo ndithu, ndipo kulakwa kwa a landilodi sikuifafaniza. Chachiwiri, umboni wa ngongoleyo ndinaulemba ndekha, m'Chingerezi chabwino, n'kusaina ndi mchira. Chachitatu, milandu siitha tsiku limodzi, ndipo mitambo ya mvula inali itayamba kale kusonkhana pamwamba pa Michiru.

"Mukhoza kuwina," anatero. "Koma mudzawina mu Febuluwale, muli ndi malungo."

Ndalama zija, mwamwayi, akazi anga anali atazisunga m'chitini cha mkaka, poti iwo sanakhulupirirepo ndime 7 kuyambira tsiku loyamba. Madzulo omwewo tinapita atatu kwa a landilodi. Loya wathu analankhula Chichewa chofewa, chopanda "hereby" ngakhale mmodzi. Anati amalume analakwitsa kumva, komanso amayi, chitseko sachotsa, lamulo silikondwera nazo. A landilodi anawerenga ndalama kawiri, akunyowetsa chala.

"Ine sindinafune zoipa, mwananga," anatero. "Kalata ya bambowa mdzukulu wanga anaiwerenga mpaka mutu unamupweteka. Ndiye ndinati, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Abwera okha."

Kalipentala anati abwera m'mawa, ndipo K5,000 yake ndilipire ine. Koma usiku wachiwiri ndi chitenje sindikanaupirira. Ndinati ndichinyamula ndekha, tikachiimike kaye pakhomo.

Chitseko cha mlombwa n'cholemera kuposa mmene chimaonekera chikakhala pamalo pake. Ndinachisenza pamutu, jekete lija likulendewera kumaso, n'kuyamba kudutsa pabwalo miyendo ikunjenjemera. Ana a m'dera lonse anatulukira pomwe sindikudziwa. Amayi a pampopi anasiya zidebe zikusefukira. Ndipo nthawi yomweyo mnyamata uja anali atangobwera ku ukwati wake, akutsitsa katundu pa lole, maiki ikadali yolumikiza. Anasuzumira pamwamba pa mpanda, n'kundiona.

"Wanu, thu. Wanu, thu," anatero, mawu ake akumveka mpaka kumsika. "Mphatso yaikulu ikulowa kuchokera kuchimuna! Chitseko chathunthu, amayi ndi abambo! Tiwaombere m'manja!"

Ndipo anaombadi, kuphatikizapo loya wanga.